Mutu 9: Nyimbo za M'chipinda ndi Khutu la Mlendo

Aliyense amene adagonapo pafupi ndi mtondo, nadzutsidwa mbandakucha ndi minsi iwiri ya amayi osinja, adziwa kale chinsinsi chimene mutu uno ufuna kufotokoza, ngakhale sadakhudzepo kompyuta chibadwire: kuti kugunda kumodzi sikuli kanthu, koma kugunda komweko kukadza kachiwiri ndi kachitatu pa nthawi yake yosaphonya, thupi limayamba kukuyembekezera, ndipo pamene pali kuyembekezera kotere nyimbo yabadwa kale, pakamwa pasadatuluke ndi liwu lomwe. Amisiri a nyimbo za makina adakapatsa dzina kachidutswa kobwerezedwa chotere. Amakatcha loop, ndiko kunena chinthu chimene mchira wake walowetsedwa m'kamwa mwake ngati nkhata yosenzera mtsuko. Lero lino kuli khamu losawerengeka la anthu wamba, alembi a m'maofesi, anamwino, ana a sukulu ndi nkhalamba zopuma pa ntchito, amene dzuwa likalowa amadzitsekera m'zipinda zawo ndi kumaluka nyimbo ndi tizidutswa totere, osalembedwa ganyu ndi munthu, osayembekeza ndi khobidi lomwe. Za chiyambi cha zida zawo, za msampha umene zidazo zimawatchera, ndi za njira imene adapeza yowonjokera m'msamphamo, ndizo tikambe tsopano.

Kamzere kotsekeka ndi kholingo la magetsi

M'chaka cha 1948, mumzinda wa Paris, mudali injiniya wa pa wailesi ya dziko la France, dzina lake Pierre Schaeffer, amene ntchito yake idamlola kuseweretsa mbale za galamafoni ndi makina ozijambulira. Mbale yotere, monga akuluakulu akumbukira, ili ndi kamzere kamodzi kozungulira ngati chigoba cha nkhono, kamene singano imalondola kuchokera m'mphepete kufikira pakati. Ndipo mbale ikakalika singano imalumphira m'mbuyo ndi kumangobwereza mawu amodzimodzi, kufikira mwini nyumba ataikankha ndi chala. Chilema chimenechi Schaeffer adachiona ngati chuma chotayidwa kudzala. Adayamba kusema dala timizere totsekeka, ndipo popeza mbale za masiku amenewo zinkazungulira ka 78 pa mphindi, kachidutswa kalikonse sikankakwana ndi sekondi imodzi yomwe. Adapita ku siteshoni ya Batignolles, najambula kulira kwa sitima za pamtunda, kupuma kwa nthunzi ndi kugogoda kwa magudumu pa njanji, nazilumikiza kukhala nyimbo yotchedwa Étude aux chemins de fer. Atafala matepi ntchito idapepuka, pakuti munthu ankangodula tepi ndi lezala, namata nsonga ziwirizo, tepiyo nkumazungulira osatopa.

Loop yotereyi ndiyo chida choyamba. Chida chachiwiri ndi makina otchedwa synthesizer, ndipo kuti tiwamvetse tiyenera kukumbukira kuti liwu lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Nsambo ya bangwe ikakhudzidwa imagwedeza mpweya, chikopa cha ng'oma chimodzimodzi. Liwu limene oimba amachunira zoimbira zawo, lotchedwa A, limanjenjemera ka 440 pa sekondi iliyonse. M'makina amene tikunenawa mulibe nsambo kapena chikopa, koma magetsi ndiwo anjenjemera, sipika nkusandutsa kunjenjemerako kukhala liwu. Ziwalo zake zazikulu zilipo zitatu, ndipo munthu aliyense adabadwa nazo zofanana nazo. Choyamba, oscillator, ndicho kholingo, chimene chimatulutsa liwu laliwisi longa kulira kwa njuchi. Chachiwiri, filter, ndicho kamwa, chimene chimaumba liwulo politsekera kapena kulitsegulira, monga inu mungamvere mutatulutsa liwu limodzi losadukiza muli kusuntha milomo kuchokera pa u kufikira pa a. Chachitatu, envelope, ndicho chifuwa, chimene chimalamula ngati liwu lidze modzidzimutsa ngati mbama nkufa pomwepo, kapena lituluke mwa kachetechete ngati m'bandakucha nkukazilala patali.

Pamene Robert Moog wa ku America adaonetsa makina ake oyamba m'chaka cha 1964, adali aakulu ngati kabati, olumikizidwa ndi nthambo zolendewera, ndipo okhoza kuwagula adali masukulu a ukachenjede ndi eni masitudiyo olemera. Fairlight, makina a ku Australia amene adatuluka mu 1979 ndi luso lojambula liwu lililonse nkumaliimba pa kiyibodi, mtengo wake udali wa nyumba yathunthu. Koma makampani a ku Japan, monga Roland, Yamaha, Korg ndi Casio, adatsitsa mitengo chaka ndi chaka, ndipo mu 1983 opanga zida adagwirizana pa chilankhulo chimodzi chotchedwa MIDI, kuti makina a kampani ina athe kulamula a kampani inzake. Kuyambira pamenepo chitseko cha nyumba ya mafumu chidayamba kutsegukira anthu wamba.

Msampha wa masekondi 16

Tilowe tsono m'chipinda cha mmodzi wa opeka awa, tione ndi maso. Waweruka ku ntchito, wadya, wavala mahedifoni kuti asadzutse ana. Patsogolo pake pali timabokosi 16 tondandalikidwa pamzere, ndipo kakuwala kali kuthamanga pamwamba pake kuchokera kumanzere kunka kumanja, nkubwereranso. Ayatsa kabokosi koyamba, kachisanu, ka 9 ndi ka 13, ndipo ng'oma yaikulu iyamba kugunda ngati mtima. Pa kachisanu ndi ka 13 aikapo kuomba m'manja. M'mipata yotsala awazamo kachitsulo kolira ngati maseche. Asankha liwu la besi, apotokola batani la filter kufikira liwulo litanona, ndipo nthawi ya pakati pa usiku isadakwane ali nazo zigawo zisanu ndi zitatu, chilichonse cha kugunda kunayi, zimene oimba amazitcha mabar. Mutu uli kugwedezeka wokha. Taonani, munthu amene sadaphunzire kuwerenga nyimbo zolembedwa wapanga m'maola awiri chinthu chimene makolo ake akadafunira gulu la anthu asanu.

Apa ndipo pali msampha, ndipo masamu ochepa atiululira kukula kwake. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi imatha bar imodzi m'masekondi awiri. Zigawo zisanu ndi zitatu zija ndiwo masekondi 16. Chotero pa ola limodzi mwini wake wazimva ka 225, ndipo akachezera maola atatu wazimva ka 675. Katswiri wa za maganizo a anthu, Robert Zajonc, adaonetsa m'chaka cha 1968 kuti munthu amayamba kukonda chinthu chifukwa chongokumana nacho kawirikawiri, chingakhale mawu achilendo opanda tanthauzo kwa iye. Wopeka wathu uja, tsono, sangathenso kusiyanitsa kukoma kwa nyimbo ndi kuzolowera kwa khutu lake. Liwu losokonekera limene lidamsautsa pa ulendo wachitatu, pofika ulendo wa 200 lasanduka m'bale wake, kotero kuti atalikonza nyimbo imveka ngati yalumala. Ndipo popeza loop ikoma pamene ili kuzungulira, iye saona chifukwa chochokera pamenepo: m'malo moipatsa nyimbo ulendo, kuti inyamuke, ikwere phiri, ipume pamthunzi, nifike kwawo, amangosanjikiza mawu pamwamba pa mawu, ngati munthu wosenzetsa bulu katundu usiku wonse, bulu ali chimangire pamtengo. Kukacha kompyuta yake yawonjezera kachidutswa kena pa mulu wa tizidutswa makumimakumi tokoma ndithu, koma topanda mutu ndi miyendo.

Mahedifoni nawonso ali ndi bodza lawo, pakuti besi imene imveka yodekha m'makutu ikhoza kugwetsa zipupa pa masipika aakulu, kapena kusowa psiti pa kasipika ka foni. Akale adanena kuti nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi, nanenanso kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo pa nkhani ino kalumoko si nzeru zoposa za mwini nyimbo ayi, koma khutu limene silidamve masekondi 16 aja ndi kamodzi komwe.

Bwalo la ku Chicago

Mu 1981 kampani ya Roland idatulutsa kabokosi kotuwa kotchedwa TB-303, kopangidwa ndi injiniya Tadao Kikumoto, kuti woimba gitala wopanda mnzake womuimbira besi adzipeza womperekeza pophunzira. Oimba adakakana, pakuti sikankalira ngati gitala ya besi ndi pang'ono pomwe, ndiponso kulowetsamo nyimbo kudali chintchito chozunguza mutu. Pofika 1984 kampani idaleka kukapanga, ndipo kadayamba kupezeka m'masitolo a katundu wogwiritsidwa kale ntchito, pa mtengo wozizira. Kumeneko ndiko anyamata atatu a ku Chicago, odziwika ndi maina akuti DJ Pierre, Spanky ndi Herb J, amene gulu lawo adalitcha Phuture, adakapeza. Posadziwa kagwiritsidwe kake koyenera, adangokasiya kali kubwereza kachidutswa kamodzi, Pierre namapotokola timabatani ta filter uku kali kulira, ndipo mudatuluka liwu lachilendo, longa madzi obwata m'botolo, lina longa chule wa chitsulo.

Adajambula zimenezi pa kaseti, napita nayo kwa Ron Hardy, amene ankaika nyimbo ku malo ovinira otchedwa Music Box. Monga eni ake adasimbira pambuyo pake, Hardy ataiika koyamba anthu adachoka pabwalo, osadziwa povinira. Iye osagwa mphwayi adaiikanso patapita nthawi, naiikanso kachitatu, ndipo pa ulendo wachinayi, usiku womwewo, bwalo lonse lidachita ngati lagwidwa ndi mizimu. Pamene nyimboyo inkakonzedwa kuti ituluke pa mbale m'chaka cha 1987, ndi dzina lakuti Acid Tracks, Marshall Jefferson, amene adali patsogolo pawo m'ntchitoyi, adawalangiza chinthu chimodzi chachikulu: kuti liwiro lake litsike kufika pa kugunda 120 pa mphindi. Kabokosi kaja sadakakhudze, ndipo kulira kwake kwachilendo adakusiya monga kudaliri. Mtundu wonse wa nyimbo zotchedwa acid house, umene udagwedeza Britain zaka zotsatira, udaphuka pa mbale imeneyo.

M'nkhani imeneyi muli makutu atatu, ndipo lililonse lidagwira ntchito yake: la khamu, limene lidaweruza molakwa poyamba nkudzalapa, la Hardy, limene lidadziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndi la Jefferson, limene lidaloza malo amodzi ofuna kukonza, nkusiya zina zonse m'manja mwa eni ake.

Mphala ya ana a Amiga

Chaka chomwecho cha 1987, tsidya lina la nyanja, mnyamata wa ku Germany, Karsten Obarski, adalemba pulogalamu yotchedwa Ultimate Soundtracker, yopekera nyimbo za masewero a pa kompyuta ya Commodore Amiga. Kompyuta imeneyi inkatha kutulutsa mawu anayi okha pa nthawi imodzi, ndipo Obarski adayala nyimbo ngati tsamba la buku la wowerengera ndalama: madanga anayi otsika pansi, limodzi la liwu lililonse, ndi mizere 64 yopingasa, imene inkayenda kukwera m'mwamba nyimbo ili kulira. Tsamba limodzi lotere, lotchedwa patani, lidali loop ya mtundu wake, ndipo wopeka ankalemba mndandanda wonena patani yoyamba, yotsatira ndi yobwerezedwa. Malonda a pulogalamuyo sadayende, koma anyamata okonda kusula makompyuta adaitola, naiphwasula, naimanganso: a ku Sweden odzitcha Mahoney ndi Kaktus adatulutsa NoiseTracker mu 1989, ndipo mu 1990 kudatuluka ProTracker, ya Lars Hamre wa ku Norway ndi anzake. Zonsezi zinkayenda kwaulere kuchokera dzanja kunka dzanja.

Chimene chidasiyanitsa nyimbo zimenezi ndi za pa mbale kapena pa kaseti ndi ichi, kuti fayilo yake, yotchedwa MOD, inkanyamula mawu onse a zoimbira pamodzi ndi matsamba onse a kalembedwe kake. Wolandira nyimbo ankalandira mphika pamodzi ndi dothi lake ndi zala za woumba zili kuoneka. Akamva kamalo kokoma ankaimitsa nyimbo, nayang'ana mzere ndi mzere kuti mnzakeyo wachita matsenga anji kuti mawu anayi amveke ngati asanu ndi atatu. Akamva polakwika ankatha kuloza ndi chala, nati, pa patani yakutiyakuti, mzere wakutiwakuti. Intaneti idali isadafike m'makomo, ndipo madisiki ankayenda m'maenvelopu pa positi, kuchokera ku Helsinki kunka ku Hamburg, kuchokera ku Oslo kunka ku Budapest, mwana wa zaka 15 namaphunzira kwa mnzake amene sadamuonepo nkhope.

Kenaka adayamba kusonkhana. Msonkhano wotchedwa The Party udayamba ku Denmark mu 1991, m'masiku a pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Assembly udayamba ku Finland mu 1992, ndi The Gathering ku Norway chaka chomwecho. Anyamata mazana, pambuyo pake zikwi, ankasenza makompyuta awo kulowa nawo m'maholo aakulu, nagona pansi pa matebulo, ndipo nyimbo zopikisana zinkaikidwa pa masipika aakulu pamaso pa onse, opezekapo naponya mavoti. Mphotho idali yochepa, koma wopeka ankaona ndi maso ake mphindi imene anthu adayamba kucheza osamveranso nyimbo yake, ndipo phunziro lotere silipezeka m'buku. M'mphala imeneyi ndimo adakulira Jonne Valtonen wa ku Finland, wodzitcha Purple Motion, mmodzi wa opeka nyimbo za chionetsero cha Second Reality chimene gulu la Future Crew lidapambana nacho ku Assembly mu 1993, amene pambuyo pake adadzakhala wolembera nyimbo magulu aakulu a zoimbira zamitundumitundu. Dziko la Finland mu 2020, ndi la Germany mu 2021, adalemba mwambo umenewu m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe chawo.

Mwambo wa uphungu

Zida zasintha, koma njala ya khutu lachiwiri ili pomwepo. Pulogalamu ya timabokosi 16 ija, imene Didier Dambrin adalembera kampani ya Image-Line ya ku Belgium, idatuluka cha kumapeto kwa 1997 ndi dzina lakuti FruityLoops, nisanduka FL Studio mu 2003, ndipo lero ili m'masitudiyo ambiri a chipinda chimodzi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka. Ku Durban, cha m'ma 2010, anyamata a m'makomboni adapeka nayo nyimbo za gqom, ndipo bwalo lawo la milandu lidali minibasi: dalaivala akaikonda nyimbo nkumaiika mokweza kuti akope okwera, wopeka ankadziwa kuti yapsa, ikapanda kumvekanso pamsewu, ankabwerera ku kompyuta osafunsa chifukwa. Mmodzi wa iwo, DJ Lag wa ku Clermont, adafika pogwira ntchito ndi Beyoncé mu 2019.

Koma khamu limangovomera kapena kukana, silinena chifukwa. Chifukwa chimanenedwa ndi mnzako wa ntchito imodzi, ndipo apa pafunika mwambo, pakuti aphungu oipa alipo a mitundu itatu. Woyamba ndi woyamikira zonse, amene mawu ake ndi akuti yakoma kwambiri, pitirizani, ngakhale adangomva masekondi khumi. Ameneyu amdyetsa mnzake uchi wa m'maloto. Wachiwiri ndi wonyoza, amene adaiwala kuti anyani sasekana zikundu, ndi kuti nayenso ali ndi mulu wake wa tizidutswa tosatha. Wachitatu ndiye woopsa koposa chifukwa amadza ndi nkhope ya chifundo: ndi uja amene uphungu wake wonse, ukaulondola bwino, ufuna kusandutsa nyimbo yako kukhala imene iye akadapeka. Phungu weniweni amamva nyimbo yonse, kawiri ngati nkotheka. Amayamba wafunsa kumene mwini wake ankalinga. Amanena chimene chidamchitikira iye pomvera asadalamule mankhwala, monga kuti, pofika mphindi yachiwiri maganizo anga adathawira kwina, kapena kuti, besi ikalowa ng'oma yaikulu imamira. Ndipo amatchula ndi pokoma pomwe, osati pofuna kunyengerera, koma kuti mwini wake pokonza asagumule khoma loongoka. Wofuna kumveredwa ayambe wamvera za anzake, pakuti kupatsa nkuika.

Wolandira uphungu nayenso ali ndi mwambo wake. Munthu mmodzi akapunthwa panjira, mwina ndi kusayenda bwino kwake; koma atatu osadziwana akapunthwa pa malo amodzimodzi, pamenepo pali chitsa, ndipo mwini njira atenge nkhwangwa ngakhale iye amadutsapo osachiona. Pokhapokha akumbukire usiku wa ku Music Box, kuti chinthu chachilendo ndi chinthu cholakwika zimabweretsa tsinya lofanana pa ulendo woyamba, ndipo chozisiyanitsa ndi ulendo wachinayi: cholakwika chimanka chiipiraipira, chachilendo chimanka chikomerakomera. Akamva zonse, chigamulo nchake, pakuti nduna zimalankhula koma mlandu amadula ndi mwini bwalo.

M'fayilo ya MOD mudalibe malo olembapo uthenga. Mudali mizere 31 yokha yolembapo maina a zoimbira, uliwonse wa zilembo 22, kuti wopeka adziwe kuti ili ndi liwu la ng'oma, ili ndi la chitoliro. Anyamata aja adafufuta mainawo, nasandutsa mizereyo kukhala kalata. Mafayilo zikwizikwi a masiku amenewo asungidwa kufikira lero, ndipo wowatsegula amapeza kalata zija zili momwemo: dzina lodzipatsa la wopeka, tsiku limene adamaliza, moni kwa anzake mmodzimmodzi, kawirikawiri kupepesa kuti mawu ena sadajambulidwe bwino, ndipo pansi pake keyala ya positi ndi pempho lakuti womva alembe, anene maganizo ake. Zilembo zonse zikawerengedwa ndi 682 zokha. Ndipo mnyamata amene adachezera milungu yathunthu pa mawu anayi, amene akadatha kudzaza mpata wochepawo ndi matamando a iye mwini, ankasungako mizere itatu kapena inayi yoitanira mlendo wa kalumo uja kuti adze kunyumba.